Ndani Adatulukira Nyanja?

M'katoni ya mabuku yomwe ndimasunga kunsi kwa bedi langa ku hositelo muli dikishonale ya Chingerezi yachikuto chofiira. Masamba ake akumapeto adathothoka kalekale, moti mawu oyamba ndi W kufika Z ndimachita kukayang'ana m'mabuku a anzanga. Patsamba loyamba pali chidindo ndi mawu olembedwa ndi bolopeni onena kuti bukuli ndi mphotho ya mpikisano wa mafunso wa sukulu za sekondale. Ndidalipata ndili Fomu 3, ndili ndi zaka 16. Kwa nthawi yaitali mlendo aliyense wofika kwathu ankayenera kuliona asadalandire ndi madzi akumwa omwe. Masiku ano ndikamalitsegula ndimadumpha tsamba loyambalo.

Mpikisanowo udachitikira m'holo ina ya m'tauni, Loweruka lina m'nyengo yozizira. Sukulu zidabwera zambiri, koma pofika masana tidatsala magulu awiri: ife a m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndi anzathu a sukulu ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, omwe adayenda pa lole usiku wonse. Mafunso onse adali m'Chingerezi. Funso likakugwera unkapatsidwa masekondi 10. Ukakhoza, mapointi awiri. Ukalephera, funsolo linkawolokera ku gulu linalo, ndipo iwo akakhoza ankatola pointi imodzi.

Pomwe tinkafika pa funso lomaliza n'kuti tikufanana mapointi. Funsolo lidagwera mnyamata wina wamtali wa gulu la kunyanja, yemwe chiyambire m'mawa adali asadaphonyepo. Wofunsa, bambo wa tayi yabuluu, adawerenga mosathamanga:

"Kodi ndani adatulukira nyanja ya Malawi?"

Ndidazizira nkhongono. Funso limeneli ngakhale mwana wa pulayimale amaliyankha ali m'tulo. Mnyamata uja adayang'ana kudenga, nayang'ananso aphunzitsi ake, kenaka adati:

"Akafula, sala."

Holo yonse idafa nalo phwete. Wina kumbuyo adakuwa kuti, "Mwandionera pati!" ndipo phwete lidayambiranso. Bambo wa tayi adasuzumira papepala lake, naliza belu. Funso lidawolokera kwa ife, ndipo ine sindidadikire n'komwe kunong'onezana ndi anzanga. Ndidadzambatuka n'kunena kuti Dr David Livingstone, ndikuwonjezerapo ndi chaka chomwe, 1859, chomwe palibe adandifunsa.

Aphunzitsi a mnyamatayo, mayi wachikulire ndithu, adaimirira.

"Pepani bambo, mwanayu sadalakwe. Buku lomwe timaphunzitsa limanena lokha kuti Akafula ndiwo adayamba kukhala m'dziko muno. Ndiye nyanjayo sankaiona?"

"Mayi, ine ndikuwerenga zomwe zalembedwa apa. Wofunsa akagamula wagamula."

Tidanyamula chikho. Panja, tili pamzere wolandira mabanzi ndi zakumwa, mnyamata uja adabwera kudzandigwira chanza.

"Mwaitha, achimwene. Koma nyanjayo munayamba mwaionapo?"

Ndidati ayi.

"Mudzabwere, mudzaitulukire nanunso."

Adanena akuseka, mopanda mangawa, n'kukakwera lole yawo. Dzina lake sindidalifunse.

Kuti nkhaniyi imveke ndiyenera kufotokoza za kope lathu. Gulu la mafunso la pasukulu yathu lidali ndi kope lalikulu lachikuto cholimba lomwe a Fomu 4 ankasiyira a Fomu 3 chaka ndi chaka. Mudali mafunso mazanamazana ndi mayankho ake, olembedwa ndi manja osiyanasiyana, ena inki itazilala. Tinkaliloweza ngati katekisimu. Chosangalatsa m'kopemo chidali mizere yofufuta. Pa funso la chiwerengero cha maboma a dziko lino wina adalemba 24, wina adadzakhwatcha n'kulemba 27, wina adadzakhwatchanso n'kulemba 28 boma la Neno litapatuka ku Mwanza. Mapulaneti adali 9 mpaka wina adamva kuti mu 2006 akatswiri adatsitsa Pluto paudindo. Dziko lalikulu koposa mu Africa lidali Sudan, kufikira mu 2011 pomwe lidagawika, Algeria n'kutenga malo. Pa funso la mbendera ndiye padali chisokonezo chenicheni: wolemba woyamba adati pali dzuwa lofiira lotuluka, wina adakonza mu 2010 kuti ndi dzuwa loyera lathunthu, ndipo mu 2012 wachitatu adachita kulembanso zomwe woyamba uja adalemba.

Zolakwika zoterezi sizindivutitsa. Dziko limasintha, yankho limakalamba, wina amabwera ndi bolopeni. Koma pa funso la nyanja padalibe mzere ngakhale umodzi. Mibadwo yonse ya kopelo idalidutsa osaona cholakwika, chifukwa tonse tidaphunzitsidwa kuyang'ana vuto kumayankho. Palibe adatiuzapo kuti funso lenilenilo likhoza kukhala lopotoka.

Nkhaniyi ndakangana nayo kangapo ndi mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, yemwe akuphunzira zowerengera ndalama ndipo sakonda zinthu zopanda malire. Usiku wina magetsi atazima ndidamufotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti andimvera chisoni. Adangoseka.

"Aise, mpikisano ndi masewera, ngati bawo. Ukakhala pa bawo sufunsa kuti n'chifukwa chiyani mabowo ali 32. Mnyamatayo yankho ankalidziwa bwinobwino. Anafuna kuonetsa nzeru, zinamuonekera."

Pamenepa sindikadamutsutsa kwenikweni. Ndidaona ndi maso anga momwe mnyamatayo adayang'anira aphunzitsi ake asadayankhe. Sikudali kusadziwa. Koma ngati funso lili loti wodziwa zambiri ayenera kubisa zomwe akudziwa kuti akhoze, ndiye kuti likuyesa chiyani? Likuyesa ngati mwana wazindikira zomwe wamkulu akufuna kumva. Limenelo ndi luso ndithu, ndipo ambiri lawafikitsa patali, koma pakhomo la holo ija sadalembe kuti tikupikisana pa luso limenelo.

Mnzangayo adabwera ndi mfundo ina. Adati mawu a Chingerezi akuti "discover" pa nkhani ngati iyi aliyense amadziwa kuti akutanthauza mzungu woyamba kufika, amene adaika malowo pa mapu a dziko lapansi. Chabwino, tiyeni tivomere. Ngakhale pamenepo funsolo likutsimphinabe. Mabuku ambiri a mbiri amatchula Candido da Costa Cardoso, wamalonda wa Chipwitikizi wochokera ku Tete, kuti adafika panyanjayi mu 1846, zaka 13 Livingstone asadafike. Ndipo m'chaka chomwecho cha 1859, patangopita miyezi iwiri Livingstone atafika kumwera kwa nyanjayi mu Seputembala, Mjeremani wina, Albrecht Roscher, adafikanso kugombe la kuvuma. Iyeyu adaphedwa chaka chotsatiracho asadabwerere kwawo kukadzitamandira, n'chifukwa chake kope lathu silimudziwa. Nanga "dziko lapansi" lomwe silinkadziwa za nyanjayi ndi liti? Amalonda a minyanga ndi akapolo adali ataiwoloka kambirimbiri popita ku Kilwa, ndipo Jumbe Salim bin Abdallah adali atakhazikika kale ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Livingstone mwiniyo adayamba wafika ku Chilwa mu Epulo chaka chomwecho, ndipo anthu ndiwo adamuuza kuti kumpoto kuli nyanja ina yaikulu. Dzina lomwe adailembera, Nyasa, ndi mawu a Chiyao ongotanthauza nyanja. Munthu adafunsa eni malo dzina la chinthu chomwe akuti adachitulukira yekha.

Sindikunyoza Livingstone ayi. Ulendo wake udasintha dziko lino. Amishoni a Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi sitima ya Ilala potsatira mapazi ake, ndipo mzinda wa Blantyre, womwe udayamba ngati mishoni mu 1876, udatenga dzina la kwawo ku Scotland komwe adabadwira. Mwana wasukulu ayenera kumudziwa. Komanso ndisanamizire kuti yankho la mnyamata uja lidali langwiro. Dzina loti Akafula adawapatsa ndi anthu obwera pambuyo, ndipo nawonso sadali oyamba. Mu 1991 ku Uraha, m'boma la Karonga, akatswiri adafukula chibwano cha cholengedwa cha mtundu wa anthu chomwe chidakhalako zaka zoposa 2 miliyoni zapitazo. Nachonso chiyenera kuti chinkamwa madzi a m'dera lomwelo. Funso lija lilibe yankho lomwe munthu angalinene m'masekondi 10. Komabe pa mayankho awiri omwe adamveka tsiku lija, lake lidali pafupi ndi choonadi kuposa langa, ndipo dikishonale ili kunsi kwa bedi langa.

Chomwe ndidasowa nthawi imeneyo ndi mawu ofotokozera vutoli. Ndidadzawapeza kuno ku yunivesite. M'phunziro la matanthauzo tidaphunzira kuti funso lililonse limabwera litavomereza kale zinthu zina. Pabwalo la milandu mfumu itakufunsa kuti, "Kodi mudasiya kuba nkhuku?" ukati inde wavomera, ukati ayi wavomeranso. Funso la nyanja nalonso lidabwera litagamula kale kuti nyanjayi idali yobisika, ndi kuti padapezeka munthu mmodzi woivundukula. Ntchito yathu idali kungodzaza dzina pampata womwe udasiyidwa.

Koma chomwe chidandigwira mtima kwambiri chidachokera ku Chichewa chomwechi. Tsiku lina tikuphunzira misintho ya aneni, aphunzitsi adalemba pa bolodi mneni "tuluka" ndi ana ake: tulutsa, tulukira, tulutsidwa. Ndidakhala ndikuyang'ana "tulukira" mpaka phunziro lidatha. Mawuwa poyambirira amanena za kutuluka kwinakwake n'kufikira pamalo pena. Timati, "Tidayenda m'thengo tsiku lonse mpaka tidatulukira pa msewu." Palibe amaganiza kuti msewuwo udali wosadziwika, osochera tidali ife. Timatinso, "Tili pakati pa kudya, mlendo adatulukira." Apa wolankhula ndi mwini mudzi, ndipo wotulukirayo ndi amene wabwera mosayembekezeka. Tsono tikati Livingstone adatulukira pa nyanja, tanena zoona zokhazokha, ndipo chiganizocho chimatiimika pagombe pamodzi ndi asodzi, tikuona munthu wachilendo akutuluka m'mabango a mtsinje wa Shire. Tikachotsa kamperekezi "pa", nyanja ija imasanduka pamtherankhani, chinthu chochitiridwa, ndipo asodzi aja amazimirira m'chiganizo. Kunena kotereku n'kwa Chichewa chabwinobwino, timati apolisi atulukira chiwembu, dokotala watulukira matenda. Koma chiwembu ndi matenda ndi zinthu zobisika. Nyanja yotalika makilomita oposa 500 idabisala kwa yani? Malembo awiri okha, p ndi a, ndiwo adalekanitsa ine ndi mnyamata uja.

Nyanjayo ndidadzaiona ndili m'chaka choyamba, titapita ku Salima ndi anzanga. Ndidafika ndi mutu wodzaza. Ndinkadziwa kuti ena amaitcha nyanja ya kalendala poti akuti ndi mamailosi 365 m'litali ndi 52 m'lifupi, manambala omwe amakondedwa chifukwa chokoma kuwatchula osati chifukwa choti adayezedwa ndendende. Ndinkadziwa kuti ndi yachitatu kukula mu Africa, ngakhale kuti "kukula" kumeneku n'kwa pamwamba pokha. Tikayeza kuchuluka kwa madzi imaposa Victoria n'kukhala yachiwiri kwa Tanganyika. Ndinkadziwa kuti a ku Tanzania amaitchabe Nyasa, a ku Mozambique Niassa. Ndili chiimire ndi nzeru zangazo ndidaona utsi wakuda ukufuka pakati pa madzi, ndipo ndidafunsa bambo wina yemwe ankasoka ukonde ngati boti likupsa.

"Ndinu alendo eti? Si utsi umenewo, ndi nkhungu. Tizilombo. Ena amadya."

Ndidakhala nawo pansi. Adanditchulira mphepo za panyanja, mwera, mpoto, vuma ndi zambwe, ndi momwe iliyonse imasinthira madzi, ndi yomwe ikayamba munthu wanzeru sakankha bwato. Adandisiyanitsira utaka ndi usipa, kampango ndi mlamba. Zonsezi m'kope lathu mudalibe ngakhale mzere umodzi, chonsecho likulu la Australia lidalimo kawiri. Amati mafunso amenewa ndi a zinthu zomwe munthu aliyense ayenera kudziwa. "Aliyense" ameneyu mukamuyang'anitsitsa mupeza kuti amakhala m'tauni, kwawo kumabwera nyuzipepala, pabalaza pali wailesi yakanema. Mwana wa msodzi amalowa mu mpikisano atasiya panja zonse zomwe amazidziwa bwino, n'kuyamba kupikisana pa zomwe adaloweza. Mnyamata uja adachita zimenezo tsiku lonse ndipo adatipanikiza. Funso limodzi lokha ndilo lidakhudza kwawo, ndipo ndi lomwelo adaluza nalo.

Ndisapatse azungu mlandu wonse. Kufunsa kokondera tidali nako kale. Ndili mwana, agogo anga aakazi ankatiponyera ndagi usiku tili pamkeka. Tsiku lina adaponya ija ya nyumba yopanda khomo, ine n'kuyankha kuti dzungu.

"Iyayi."

"Koma agogo, dzungu lili ndi khomo?"

"Nanga m'dzungu mumagona ndani?"

"Nthanga."

Adaseka mpaka kutsokomola, komabe adakana. Yankho ndi dzira, lidali dzira iwo asadabadwe, ndipo mdzukulu sangalisinthe. Tidalipira ng'ombe yathu yapakamwa. Agogo ndi bambo wa tayi uja pamenepa ngofanana: woponya funso ndiye mwini yankho. Kusiyana kwake n'kwakuti pamkeka paja mwayi unkazungulira. Agogo akatha, nane ndinkaponya yanga, iwo n'kulephera, n'kundilipira ng'ombe. Ndiponso palibe ankapita kukagona atanyamula chikho. M'holo muja wofunsa safunsidwa.

Ndikadakonda nkhaniyi ikadathera pamenepa, ine ndili kumbali ya olungama. Koma chaka chatha bungwe lathu la ophunzira zilankhulo lidakonza mpikisano wa mafunso wolandirira a chaka choyamba, ndipo ndine ndidaumirira kuti uchitike m'Chichewa, mafunso ake akhale a zinthu zakwathu. Adandisiyira ntchito yolemba ndi kufunsa. Ndidatha sabata yathunthu ndikusefa mafunso 40, lililonse ndikulitembenuza uku ndi uku kuti ndione chomwe labisa. Ndidadziuza kuti pampikisano wanga sipadzakhala wolira.

Funso la 17 lidati, "Kodi nsinjiro zimachokera ku mbewu yanji?" Lidagwera mtsikana wina wa ku Mchinji, yemwe adayankha mosazengereza:

"Nsawa."

Papepala langa padalembedwa kuti mtedza. Ndidagogoda botolo ndi supuni, poti belu tidalibe.

"Mwalakwa."

Gulu linalo lidakuwa kuti mtedza, ine n'kuwapatsa pointi yawo. Apo n'kuti theka la chipinda litaimirira. "Nsawa ndi mtedza womwewo! Kodi Chichewa n'cha kwanu kokha?" Chomvetsa manyazi n'choti mawuwo ndinkawadziwa. Tidawaphunzira m'kalasi pokamba za kusiyana kwa kalankhulidwe ka m'madera, ndipo ndidalembapo mayeso n'kukhoza. Koma pa sekondi imene ija, maso onse ali pa ine, wotchi ikuyenda, khutu langa silinkamvera mtsikanayo. Linkangodikira mawu omwe adali papepala. Pepala limapepukitsa ntchito: sufunika kuganiza, sufunika kuweruza, umangofananiza. Bambo wa tayi yabuluu ndidamumvetsa tsiku limenelo, patapita zaka zisanu.

Ndidapepesa, ndikubweza mapointi awiri kwa mtsikanayo. Pomwepo gulu linalo lidayamba lawo dandaulo: pointi yathu mwatipatsa kale pamaso pa anthu, mukuilanda bwanji? Tidakangana mphindi 20. Wina adati funsolo lifafanizidwe, wina adati onse apatsidwe, wina adayambitsa nkhani yoti mu 1968 pomwe Chinyanja chidatchedwa Chichewa adalakwitsa, ndipo pamenepo zidasiya kukhala za nsinjiro. Pomaliza tidalifafaniza, magulu onse awiri n'kutsala okwiya. Mnzanga wa zowerengera ndalama uja adali atakhala kumbuyo, manja atapinda, akumwetulira. Usiku sadanene zambiri. Adangoti, "Bawo, aise," n'kufunda bulangete.

Mfundo yake ndikuiona. Mpikisano umafuna yankho limodzi ndi munthu mmodzi wogamula, apo ayi sutha. Koma zinthu zomwe zili ndi yankho limodzi loona n'zochepa kuposa momwe olemba mafunso timafunira, choncho timatenga za mayankho atatu n'kuzidula kuti zikwane pampata wa limodzi. Wodulayo amadula molingana ndi kwawo, sukulu yake ndi mabuku omwe adawerenga, ndipo sazindikira kuti wadula kufikira wina wa ku Mchinji kapena wa ku Mangochi atatsegula pakamwa.

Patchuthi chapitachi ndidapeza mlongo wanga, yemwe ali Fomu 2 pasukulu yomwe ija, atalowa gulu la mafunso. Adabwereka kope lija kuti aloweze. Adalikuta chikuto chatsopano, ndipo wina adakhwatcha Swaziland n'kulemba Eswatini. Madzulo ena adandipempha kuti ndizimufunsa iye akusenda chinangwa pakhonde. Tidayenda bwino masamba angapo mpaka ndidafika pa funso lija. Lidali pomwe ndidalisiya, lopanda mzere.

Ndidatseka kope n'kumufotokozera zonse: za mnyamata wamtali, za Cardoso ndi Roscher, za chibwano cha ku Uraha, za kamperekezi "pa". Adamvetsera osandidula, mpeni uli m'manja.

"Ndamva, achimwene. Ndiye akakandifunsa ndikanene kuti ndani?"

Ndidakhala chete kanthawi. Mpikisano wawo udali utatsala milungu itatu, ndipo chikho adachilakalaka chiyambire Fomu 1.

"Ukanene kuti Livingstone."

"Chaka?"

"1859. Koma sakakufunsa chaka."

"Nanga zonse zija mumandiuziranji?"

Adatola chinangwa china. Ndidatsegulanso kope n'kuwerenga funso lotsatira, lomwe lidali la likulu la Australia, ndipo adakhoza.